Phula pa Khomo la a Ann

Bordesley Green,
Birmingham.
24 Novembala, 2024.

Okondedwa achemwali a Vera,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu, alamu ndi ana onse kumeneko ku Ntcheu. Kuno tilipo. Kuzizira kwayamba msanga chaka chino, ndipo mdima ukumagwa Melissa asanavule n'komwe yunifolomu ya sukulu. Alamu anu a Ellard akupitiriza ntchito yawo ya unesi pachipatala chachikulu cha kuno kwathu, ndipo kutopa kwawo ndi kwa masiku onse.

Kalatayi ndapatsira a Janet a kutchalitchi kwathu, amene akubwera kumeneko ku ukwati wa mwana wa mlongo wawo. Mudabwa kuti ndalemberanji pamanja chikhalirecho timayankhulana pa foni sabata ndi sabata. Chifukwa chake n'chakuti ndikaimba mumakweza foni kuti amayi amve nawo, ndiye ine ndimangoti zonse zili bwino. Sizili bwino, achemwali. Ntchito ya mitengo ija inatha. Ndinabwerera ku care home komwe ndinkagwira kale, kosambitsa ndi kudyetsa okalamba. Muwerenge muli nokha, ndikuuzeni mmene zinayendera.

Mukukumbukira mmene ndinalumphira mu Epulo atandilemba ntchitoyo. Digiri yanga ya za nkhalango inali itagona m'sutikesi zaka zonsezi, ine ndikusintha matewera a agogo a eni. Ndiye kunapezeka kabungwe kakang'ono muno mu Birmingham, ka anthu ochepa, kofuna munthu wodziwa mitengo ndi dothi. Amayi anauza anthu kumudzi kuti mwana wawo akudzalira azungu mitengo, koma ntchito yathu sinali yodzala. Kuli bungwe lina lolemera limene linapereka thandizo zaka zitatu zapitazo kuti mitengo idzalidwe m'misewu ya ku Stoke-on-Trent. Tsopano linkafuna kudziwa ngati mitengoyo inaphuka, ndiponso ngati anthu akuona phindu lake, lisanapereke thandizo lachiwiri. Linalemba kabungwe kathu kuti kakafufuze, ndipo abwana anga a Rogers anatuma ine.

Ku Stoke ndi ulendo wa sitima kuchokera kuno. Ndi tauni imene kale inkaumba mbale ndi makapu ogulitsa dziko lonse. Mukatembenuze mbale za alendo zimene amayi amasunga m'kabati, mwina mukapeza dzina la dziko lino kunsi kwake. Mafakitale ambiri anatsekedwa kalekale. Kwatsala ng'anjo zakale zooneka ngati mabotolo aakulu a njerwa, ndi nyumba zofiira zogundana ngati mabogi a sitima, khomo lililonse lotulukira mumsewu, popanda bwalo, popanda kapinga. Lendi ndi yotsika, n'chifukwa chake manesi athu ambiri amafikira kumeneko.

Mitengo inadzalidwa m'madera awiri. Kumtunda kuli nyumba zikuluzikulu za mipanda yamaluwa. Kumeneko ntchito yanga inali yosavuta: mitengo yobiriwira, yonenepa, ina eni nyumba ataimangira timipanda. Dothi lake ndi lakuda, ukakumba umapeza nyongolotsi. Kumunsi, kufupi ndi mabwinja a mafakitale, ndi kumene ndinayamba kupukusa mutu. Msewu wonse umangoona timitengo touma taimirira ngati zikhomo zomangira mbuzi. Ndinagwada n'kukumba patsinde pa umodzi. Achemwali, munalibe dothi. Munali phulusa, makala opserera ndi mapale a mbale, ena maluwa ake akuonekabe. Kampani imene inapatsidwa ntchito yodzala inangoboola timaenje tonga ndowa, n'kuzikamo mbande nyengo yotentha itayandikira, n'kumapita. Panalibe anabweranso kudzathirira. Ina inaphedwa ndi malamba omwe anaimangira, chifukwa panalibe wowamasula mtengo ukukula.

Ndinkayesa kuti matenda amenewa ndi athu okha: abwana kubwera ndi galimoto, kugwira khasu latsopano, kujambulitsa, mbuzi n'kudzamaliza mwambo mawa lake. Kani ali ponseponse, kungosiyana nsapato za ogwira khasuwo.

Mbali ina ya ntchito inali kugogoda m'makomo kuti ndimve maganizo a anthu. Kumunsi kuja anthu anatopa nawo ofunsa mafunso. Ena ankangosuzumira pawindo n'kutseka katani. Bambo wina anandiuza ali kuseri kwa chitseko kuti ngati sindinabwere kudzakonza denga lake ndibwerere kumene ndachokera. Sindinadziwe ngati akunena ku Birmingham kapena kutali kuposa apo, ndipo sindinafunse.

Mu kamsewu kena kotchedwa Cinder Row ndinapeza mtengo umodzi wokha wamoyo. Unali wautali kundiposa kawiri, masamba ake ali gwa, wamtundu umene kuno amati rowan, wobala tizipatso tofiira tokondedwa ndi mbalame. Ndikuuyeza thunthu, chitseko cha pambali pake chinatseguka.

"Ukuuchita chiyani mtengo wanga, duck?"

Anali mayi wokalamba, woonda, atavala juzi ziwiri, akupuma mokoka ngati wakwera phiri. Kumeneko munthu akafuna kukulankhula mwachikondi amakutchula duck, ndiye kuti bakha. Ine posadziwa ndinakhumudwa, mpaka ndinamva akutchula chimodzimodzi wobweretsa makalata. Ndinawafotokozera ntchito yanga. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Wa mafunso winanso. Chabwino, iwe bola wadetsa mawondo. Lowa umwe tiyi."

Dzina lawo ndi a Ann. Anayamba ntchito m'fakitale ya mbale ali ndi zaka khumi ndi zisanu, kujambula maluwa m'mphepete mwa mbale ndi kaburashi, mpaka fakitaleyo itatsekedwa. Fumbi la dongo linawatsalira m'mapapo. Amuna awo anamwalira, mwana wawo wamkazi amakhala kutali. Anandiuza kuti tsiku lina anangodzuka n'kupeza kamtengo kataimikidwa pakhomo pawo, popanda wowauza kanthu. Poyamba anakwiya. Koma ataona kakufota anakamvera chisoni. Anafukula phulusa lija pang'onopang'ono ndi supuni yaikulu, n'kumathiramo dothi logula m'matumba limene ankalikoka pa ngolo yogulira zinthu. Madzi otsukira mbale sankataya, ankatuluka nawo m'ketulo. Munthu wolephera kukwera masitepe a m'nyumba mwake osapumira panjira, anachita zimenezi zaka zitatu.

"Ndakhala mumsewu uno moyo wanga wonse," anatero, "ndipo mbalame ndinkazionera pa TV. Chaka chatha zinabwera pawindo langa."

Kuyambira pamenepo ndikapita ku Stoke ndinkayambira kwa a Ann. Ankandifunsa za kwathu, za amayi, za Melissa. Ankaseka kuti ndimathira shuga wambiri mu tiyi. Ndikuuzeni zoona, achemwali, m'zaka zonse ndakhala kuno, imeneyo inali nyumba yoyamba ya mzungu imene ndinalowamo osati kudzasambitsa munthu.

Ndi a Ann amene ananditsegulira makomo ena. Anatuma mnansi wawo Zainab, mayi wachitsikana wa ana atatu amene wamkulu amadwala mphumu, kuti aitane anthu ku holo ya tchalitchi china Loweruka masana. Sindinkayembekeza kuti kubwera anthu, koma mipando inadzaza. Analankhula, achemwali, ngati anthu amene akhala atatsekedwa pakamwa. Zainab anati nyengo yotentha nyumba zawo zimasanduka uvuni, ndipo mumsewu mulibe pobisala dzuwa. Bambo amene anandikaniza kulowa uja anaimirira n'kuvomera kuti mtengo wa pakhomo pake anaudula yekha, chifukwa anaudzala pamene njinga ya olumala ya akazi ake imadutsa. Wina anati agogo ake anapunthwa pa dzenje la mtengo wouma n'kuthyoka dzanja. Koma nditafunsa ngati sakufunanso mitengo, holo yonse inachita phokoso. Ankaifuna. Ankangofuna afunsidwe poidzala, maenje akumbidwe bwino, ndipo achinyamata a komweko apatsidwe ganyu yothirira.

Ndinaimirira mtima uli m'mwamba. Ndinati, "Zonse mwanenazi ndikazilemba momwe mwazinenera, ndipo akazimva."

Potuluka a Ann anandigwira mkono. "Kulemba ukalemba," anatero. "Zakumvazo usawalonjeze anthu. Si makutu ako."

Ndinangoseka. Ndinkaona ngati ndi kuwawidwa mtima kwa ukalamba.

Nditamaliza kuwerengera, zinapezeka kuti kumtunda pafupifupi mitengo yonse inali moyo, pamene kumunsi pa mitengo khumi iliyonse, isanu ndi iwiri inali itafa. A Rogers anawerenga lipoti langa. Musawaganizire zoipa. Ndi bambo wofatsa, wobwera kuntchito pa njinga, amene anandilemba ntchito ena onse atandikana. Atamaliza anavula magalasi.

"Felista, ntchito ndi yabwino. Koma patsamba loyamba tiphatikize madera awiriwa. Tikaphatikiza zioneka kuti yoposa theka ili moyo. Za kumunsi tizifotokoze mkatimu, mofatsa."

"Kumeneko ndi kubisa," ndinatero. "Thandizoli analipereka ponena kuti ndi la anthu osauka. Kwa osaukako ndi kumene yafa."

"Sindikuti tiname. Ndikuti anthu amenewa ndimawadziwa. Amawerenga tsamba loyamba lokha, ali m'sitima."

"Ndiye tsamba loyambalo linene zoona."

Tinakangana masana onse. Ndinawauza kuti ndinaimirira pamaso pa anthu n'kulonjeza. Ndinawauzanso, ndipo apa ndinalankhula mopsa mtima, kuti kwathu ndinaona malipoti okometsera akudya nkhalango yonse, ndipo sindinawoloke nyanja kudzalemba ena otero. Pomaliza anati, "Chabwino. Dzina lako ndi limene likhale pamenepo. Mwina ndakalamba ndine."

Tsiku lokapereka lipoti ndinavala suti ija munandisokera. Ofesi ya bungwe lolemera lija ili pakati pa Birmingham, m'mwamba, makoma ake agalasi okhaokha. Ndinawaonetsa zithunzi. Ndinatulutsa m'chikwama botolo la phulusa ndi mapale n'kuliika patebulo kuti aone chimene mbande zinadzalidwamo. Ndinafotokoza zimene anthu anapempha. Ndinanena za a Ann ndi ketulo yawo, ndipo mayi wina anapukuta m'maso. Pomaliza anaomba m'manja. Wamkulu wawo anandigwira chanza ndi manja awiri, nati sanaonepo lipoti lolimba mtima chotero. Madzulo ake ndinaphika nkhuku, ndipo ndi tsiku lija ndinakuimbirani ndikungoseka, inu n'kumafunsa ngati ndili ndi pathupi.

Yankho linabwera mu Seputembala. A Rogers anandiitanira mu ofesi mwawo n'kutseka chitseko. Bungwe lija linati laphunzira zambiri pa lipoti lathu. Linati silingapitirize kutaya thandizo pamalo pamene mitengo sikhala moyo. Choncho gawo lachiwiri lonse lipita kumadera amene aonetsa kuti amasamala mitengo. Ndiye kuti kumtunda, achemwali. Kwa a mipanda yamaluwa. Za kukumba maenje akuluakulu, za dothi latsopano, za ganyu ya achinyamata, zonse zinali patsamba lachisanu ndi chinayi, ndipo palibe anazitchula.

"Koma ndinalemba kuti olakwa ndi odzala, osati anthu," ndinatero.

"Unalemba," anatero a Rogers.

Sananene kuti, "Ndinakuuza." Bola akananena, ndikanapeza wokwiyira. Ndinalemba makalata awiri kubungweko, ndinaimba foni. Anandiyankha mwaulemu kwambiri, ulemu wa kuno uja woti munthu akukutsekera chitseko uku akumwetulira. Ndipo popeza kumtunda kunalibe chofufuza, kabungwe kathu sikanapatsidwenso ntchito. Wolowa pomaliza ndiye woyamba kutuluka. Kumapeto kwa Okutobala ndinabweza laputopu.

Melissa atandiona ndikusita yunifolomu ya ku care home anafunsa kuti, "Mummy, did you get fired?" Ndinamuuza kuti kontrakiti inangotha. Anandiyang'ana ngati mmene amayi ankatiyang'anira tikanama. Alamu anu anayesa kunditonthoza m'njira yawo. Anati, "Amayi a Melissa, ife kuno tinabwera kudzagwira ma shift ndi kulipira ma bill. Dziko la eni silikonzedwa ndi mlendo." Sananene mwankhanza, anali akuvula nsapato atatopa. Koma sindinawalankhule mpaka mawa lake. Kutchalitchi nakonso nkhani inafika. Mayi wina wakwathu wokhala ku dera la Walsgrave anandikumbatira n'kunena mokweza kuti, "Asisi, welcome back ku ma care! Za mu office zija n'za eni ake." Anzake anaseka, inenso ndinaseka nawo.

Zikanathera pamenepo ndikanapirira. Ntchito zimatha.

Ku Stoke sindinapiteko chilandirireni yankho lija. Ndinkati ndipita sabata yamawa, sabata yamawa. Ndinalibe nkhope yokaonetsa anthu a mu holo muja. Ndiye Lachiwiri lina m'mawa, kumayambiriro kwa mwezi uno, Zainab anandiimbira akulira.

"Felista, abwera ndi magalimoto. Akuzula mitengo yonse. Akuti ndi lipoti lako."

Misewu ya kumunsi ija ili m'manja mwa bungwe la eni nyumba za lendi. Nalonso linalandira lipoti langa. Linawerenga za agogo othyoka dzanja aja, n'kuopa milandu. Linalamula kuti m'misewu yonse imene mitengo inalephera, zitsa zizulidwe ndipo maenje atsekedwe.

Ndinapempha mnzanga andigwirire shifiti, n'kuthamangira sitima. Ulendo wonse ndinkaimbira a Rogers, ndi ofesi ya eni nyumba, ndi aliyense amene nambala yake ndinali nayo. Kwina foni inkangoimba nyimbo. Nditakhota kulowa mu Cinder Row, chinandilandira ndi fungo la phula lotentha. Msewu wonse unali mbee, kuyambira kuno mpaka uko. Pakhomo lililonse panali chigamba chakuda. Pa khomo la a Ann chigambacho chinali chikufukabe nthunzi, ndipo tizipatso tofiira tinali titamwazika pansi, tina titapondedwa.

Zainab anali ataima pamenepo atavala masilipasi. Anandiuza kuti anaimirira kutsogolo kwa mtengowo m'mawa wonse, akuuza odulawo kuti uwu ndi wamoyo, taonani masamba. Kenako kusukulu anamuimbira kuti mwana wake wabanika. Pobwerako anapeza nthambi zikulowa m'makina opera.

Ndinapita kwa mkulu wa anyamata ogwira ntchitoyo, bambo wonenepa wovala jekete yachikasu. Ndinamufunsa ngati analibe maso.

"Mayi, musandikalipire ine," anatero. "Ndinaona kuti ndi wabwino, ndipo ndinaimba ku ofesi. Anati msewu ukalembedwa kuti walephera, walephera wonse. Sitingasiye dzenje limodzi."

"Ndani analemba kuti walephera?"

Anandionetsa pa foni yake. Anali mawu anga, achemwali, a patsamba loyamba lija ndinalimenyera nkhondo. Mzere wonena kuti mtengo umodzi uli moyo ndipo utetezedwe unali m'munsi mwake, koma iwo anakopera wapamwamba wokha.

Ndinafunsa Zainab kuti a Ann ali kuti, popeza katani yawo inali yotseka. Anati ali kuchipatala sabata yachiwiri, chifuwa chinawatsekera kuzizira kutayamba. Sankadziwa kanthu. Zainab anati iye sangathe kukawauza.

Ndinagula mphesa pa shopu ya pakona, poti kuno wodwala amamutengera mphesa, n'kukwera basi ya kuchipatala. Ndinawapeza atatsamira mapilo, timapaipi ta mpweya tili m'mphuno, achepa ngati mwana. Atandiona nkhope yawo inawala.

"Taonani amene watikumbuka! Ndimayesa unakwatiwa ndi a kumtunda. Wadutsa kunyumba? Mbalame zandisiyirako zipatso?"

Ndikanatha kunama. Panjira ndinali nditakonza bodza labwino, loti ndiwauze akachira. Koma mayi aja ndinali ndisanawanamizepo, ndipo ndinaona kuti akadzatsika galimoto n'kuona okha phula lija, ndidzakhala ndawapha kawiri. Ndinakhala pampando n'kuwauza zonse: za thandizo lopita kumtunda, za ntchito yanga, za magalimoto a m'mawa umenewo. Sanandidule mawu. Ankangoyang'ana kudenga, chifuwa chikukwera ndi kutsika. Nditamaliza ndinayamba kulira.

"Zimene unalembazo zinali zoona?" anafunsa.

"Zinali zoona."

"Ndiye usalire pano. Ukunyowetsa bulangete la boma."

Kenako anati, "Tsiku limene anatseka fakitale anatiimika pamzere, bwana n'kumapatsa aliyense mbale ya chikumbutso. Nditaitembenuza ndinapeza chizindikiro changa. Ndinaijambula ndekha mbale imeneyo." Anatembenuza mutu n'kuyang'ana kathumba kanali m'manja mwanga. "Iwe wandibweretsera chiyani?"

"Mphesa."

Anaseka, achemwali. Anaseka mpaka kuseka kunasanduka chifuwa, nesi n'kubwera kudzawakweza ndi kuwasisita pamsana. Chifuwa chitatsika anandigwira dzanja. Zala zawo zinali zozizira.

"Sindinakukwiyire. Ndiwe mwana wabwino, ndipo wabwera wekha kudzanena, zimene sanachitepo wina aliyense. Koma usabwerenso. Ndikamakuona ndiziyamba kuyembekezera zinthu, ndipo ndilibe mpweya wa zimenezo. Pita, sitima ingakusiye."

Anapempha nesi kuti atseke katani. Ndinaima kunja kwa kataniyo kanthawi, kenako ndinanyamuka. Sabata yatha Zainab ananditumizira uthenga woti a Ann sabwereranso ku Cinder Row. Madokotala ati sangakhalenso okha, ndiye mwana wawo wawapezera malo ku care home ya kufupi ndi kwawo. Zainab sananene dzina la malowo, inenso sindinafunse. Masiku ano ndikamapesa tsitsi la agogo ena kuntchito, ndimapempha Mulungu kuti amene akupesa la a Ann akhale wa manja ofewa.

Ndakhala ndikudzifunsa ngati a Rogers ankanena zoona. Ndikanaphatikiza manambala aja, bwenzi thandizo litabwera, mwina kampani yomwe ija ikanadzalanso timitengo tina m'phulusa, tina n'kufa, koma wa a Ann bwenzi ulipo. Nanga ndiye kuti bodza likanawasamala anthu aja kuposa ine? Inu ndinu aphunzitsi, mumauza ana tsiku ndi tsiku kuti azinena zoona. Ndiyankheni, chifukwa ine ndikafika pamenepa mutu umaima. Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti palibe anaba, palibe anatukwana, palibe amene ndingamuloze chala. Aliyense anagwira ntchito yake mwaulemu, ndipo anthu a kumunsi atsala ndi msewu woipa kuposa mmene ndinaupezera.

Tsopano chimene chandikakamiza kulemba ndi ichi. Bungwe lolemera lija latulutsa kabuku kake ka pachaka, ndipo a Rogers ananditumizira Lachisanu ndi mawu amodzi okha opepesa. Mwezi wa Julaye bungwelo linatumiza wojambula kuti adzatijambule tili pantchito, ine n'kuiwalako. Pachikuto pa kabukuko pali ine ndi a Ann, taima pansi pa mtengo uja, iwo atanyamula ketulo, tonse tikuseka. Pamwamba alembapo kuti amamvera anthu. Chithunzicho achiikanso pa intaneti ndi dzina langa lonse. Mukumudziwa mlongo wathu Fumbani, sipatenga masiku asanachipeze n'kuchiponya pa gulu la banja, ndipo mudzayamba kundiimbira ndi nthungululu. Ndinafuna kuti pa anthu onse oimba nthungululuwo pakhale mmodzi wodziwa.

M'chikwama cha a Janet ndaikamo juzi ya amayi, mankhwala opaka a mawondo awo, ndi nsapato za ana. Ngati za Vincent zachepa mupatse mng'ono wake. Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti ndamva za chimanga chawo ndipo ndawanyadira. Moni kwa Fumbani ndi akazi ake, kwa azakhali, ndi kwa amayi a kwaya amene amanditchulabe m'mapemphero. Alamu anu akupereka moni. Melissa wati ndilembe kuti amakukondani, ndipo wakana kuti ndimuphunzitse kunena yekha m'Chichewa.

Amayi muwauze kuti ndili bwino ndipo ndikunenepa. Chithunzicho chikafika, akafuna kuti muchitsukitse n'kuchipachika pabalaza, musawaletse. Akalamba, ndipo anadikira nthawi yaitali kuti aone mwana wawo ali pachikuto cha buku. Akakufunsani dzina la mayi wachizunguyo, muwauze kuti ndi a Ann, mnzanga, ndipo aziwatchula akamapemphera. Akafunsa za mtengowo, munene kuti ndi wokongola. Pamenepo simudzakhala mutanama.

Ndine mng'ono wanu wokusowani,

Felista